Digiri ndi yanga, chithunzi n'cha amalume

Mukafika kumudzi kwathu ku Dedza n'kufunsa kuti wophunzira kwambiri pamtundu pathu ndani, ana akuperekezani kunyumba kwa amalume. Musalimbane nawo anawo, umboni ali nawo. Uli pakhoma, m'felemu yagalasi: amalume ali m'gauni yakuda, chipewa cha ngodya zinayi chitapendekeka ngati denga la nkhokwe yakale, akugwirana chanza ndi mkulu wa yunivesite. Amalume amenewa sukulu analekezera Sitandade 4. Amene anatha zaka zisanu akuwodzera pabuku ndine. Pachithunzipo ndiliponso, koma pamafunika munthu wokulozerani.

Mayeso a MSCE ndinalemba mu 1996, n'kulowa ukalaliki pakampani ina mumzinda wa Lilongwe. Kwa zaka zoposa 20 ntchito yanga yeniyeni inali yolandira anyamata ochokera ku yunivesite, kuwaphunzitsa kulemba malisiti ndi kuwonkhetsa ndalama, kenaka pakatha miyezi ingapo n'kuyamba kuwatchula kuti bwana. Womaliza anali mwana amene ndinkamuona akuthamanga wopanda kabudula ku Area 25. Tsiku lomwe anandikodola ndi chala n'kunena kuti, "Madala, tandipatsirani faelo iyo," ndinafika kunyumba n'kuuza mayi a ana kuti ndikubwerera kusukulu. Iwo sanatembenuke n'komwe. Anapitiriza kuvuula mandasi m'mafuta, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Ndi ndalama za ndani?"

Yankho linapezeka Lachinayi pakhonde la mayi tcheya, pomwe amayi a banki mkhonde amakumana. Fizi yanga yoyamba inatuluka m'bokosi la maloko atatu, ndipo inalembedwa m'kope m'dzina la mayi a ana. Yachiwiri chimodzimodzi. Kwacha itagwa mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dzina lathu linasamukira patsamba lakelake. Apa m'pamene ndinaphunzira chinthu chomwe sichinali m'silabasi: munthu ukaphunzira ndi ndalama za gulu, mutu wako umasanduka katundu wa gulu. Ndikadutsa pamsika madzulo, mayi wogulitsa tomato amandikuwira kuti, "Bambo, nthawi ino muli pano? Mabuku akuwerenga ndani?"

Makalasi anali a Loweruka ndi Lamulungu, kuyambira mu 2019. Tsiku loyamba nditalowa, ana onse anakhala chete n'kubisa mafoni, kuyesa kuti mphunzitsi wafika. Nditakhala pakati pawo n'kutulutsa bolopeni, dzina la Madala linandipezanso komweko. Mu Malichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, n'chifukwa chake zaka zinayi zinabala chachisanu. Zophunzira pafoni ndinazichitira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, pomwe netiweki inkagwira, mbuzi ya aneba ikuyankhira aphunzitsi. Phunziro la ziwerengero, lija amati Statistics, linandigwetsa, ndinapatsidwa sapu, mayeso obwereza aja. Amene anandidzutsa ndi mwana wanga wamkazi wa Fomu 3, ndipo anandibwezera mawu anga onse amene ndinamulalatira nawo kuyambira ali Sitandade 1. "Adadi, nzeru muli nazo, koma simukulimbikira." Mayi tcheya nawonso anabwera kudzazonda ndalama zawo. Anakhala pampando, n'kuusa moyo, amvekere, "Tamva kuti talephera mayeso."

Choncho kalata itabwera mu 2024 yoti mwambo wolandira madigiri ukachitikira ku Blantyre, komanso kuti wophunzira aliyense apatsidwa makadi awiri okha a alendo, ndinadziwiratu kuti masamu akana. Minibasi yomwe tinachita hayala inanyamuka 2 koloko usiku, muli ine, mayi a ana, ana atatu ndi amayi asanu ndi mmodzi a banki mkhonde atavala chitenje chofanana. Pa Dedza tinatenga amayi anga ndi amalume, pamodzi ndi chigubu cha thobwa. Pa Lizulu kunali kusanache, koma amayi aja anapeza njira yodzutsira ogulitsa kabichi ndi kachewere, ndipo kuchoka pamenepo ndinayenda mawondo ali pachibwano, thumba la anyezi lili kumapazi. Gauni yokha ndiyo inayenda mwaulemu. Inapachikidwa pazenera, yositidwa bwino, ndipo pachifuwa pake mayi a ana anamangirirapo ndi pini kapepala ka nambala ya mpando wanga. "Inu mumataya zinthu," anatero.

Thobwa la amayi anga silikanidwa. Ndinamwa makapu awiri pa Ntcheu, kapu yachitatu tikuwoloka Shire pa Zalewa. Mulikumbukire thobwa limeneli.

Titafika pamalo a mwambo, tisanatsike n'komwe, ojambula zithunzi anali atazinga kale minibasi ngati ntchentche pa mango. Ndinavala gauni, ndinajambulitsa chimodzi ndi amayi anga, kenaka mayi tcheya anatsokomola. "Bambo, si kuti tikukumbutsa ngongole ayi. Koma popeza nsaluyi tinasonkhera tonse, tingoiyesako." Ndikanayankha chiyani? Gauni inayamba ulendo. Mayi tcheya, msungichuma, mlembi, osunga makiyi atatu aja, aliyense ndi chithunzi chake, wina atagwira chibwano ngati akuganiza za chuma cha dziko. Ana anga anavalanso. Ili pamapewa pa amalume, m'mimba mwanga munalira mabingu.

"Mundigwirire, ndikubwera pompano," ndinatero.

Kuchimbudzi kunali mzere ngati wa pafilingisiteshoni nthawi yosowa mafuta. Ndinatha mphindi mwina 25. Pobwerera ndinapeza bwalo lapepuka, magauni onse kulibe, amayi a banki mkhonde akhala mutenti akugawana mandasi.

"Amalume ali kuti?"

"Alowa," anatero mayi tcheya. "Kunabwera mtsikana wa chimkuzamawu, akuti onse ovala magauni pamzere. Anaona kapepala kaja n'kuwagwira dzanja. Ife timayesa ndi dongosolo lake."

Muwamvetse amalume. Anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni mpaka za Theba, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodiko, zitatha mu 1988, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: khutu limodzi losamva ndi ulemu waukulu pa mzere. Munthu wa yunifomu akati imani apa, iwo amaima, mafunso amabwera pambuyo. Ndinawaimbira foni msangamsanga. Inalira m'thumba la jekete yanga. Anandipatsa pa Lunzu kuti ndiwaikire mayunitsi. Ndinaimbira mayi a ana, amene anali atalowa kale ndi amayi anga pa makadi awiri aja, koma anali atathimitsa foni, monga momwe ine mwini ndinawalangizira katatu panjira.

Pakhomo panali mlonda wamtali, wodekha, wooneka kuti mabodza onse a tsiku ngati limeneli anawamva kale.

"Bambo, makolo opanda kadi akukhala mutenti."

"Sindine kholo. Ndine wophunzira."

Anayang'ana imvi zanga, n'kutsikira pamimba. "Gauni yanu ili kuti?"

"Yalowa kale."

"Yalowa yokha?"

Ndinafotokoza za amalume, za banki mkhonde, ngakhale za thobwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti lamulo lomwe anapatsidwa ndi limodzi: wolowa akhale ndi kadi kapena gauni. Sindimuimba mlandu. Inenso ndikanakhala iye sindikanadzilowetsa.

Amene anandionera chifundo ndi wojambula uja, ngati chifundo chimagulidwa K5,000 ndi chitupa cha unzika ngati chikole. M'chikwama mwake munali gauni yomwe amajambulira ana akamatsazika kusukulu ya mkaka. Inali yabuluu wowala, yonyezimira ngati pepala la switi, ya mpendero wachikasu. Manja ake anathera m'zigongono, m'munsi inalekezera pamchombo. Kumsana kunali chithunzi cha kabakha katavala magalasi. Kachipewa kake kanali ndi lasitiki yokoletsa pachibwano. Ndinadziyang'ana pagalasi la minibasi n'kukumbukira kuti ndili ndi zaka 47, ndine dikoni, ndipo anthu amandiitana kukaweruza nkhani za mabanja.

Mlonda uja atandiona anagwira chitseko kuti asagwe. Akanandibwezanso, koma panadutsa aphunzitsi a Statistics aja, akuthamangira kulowa. Anaima, anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, n'kuuza mlondayo kuti, "Awa ndi athu, ndikuwadziwa bwino. Analemba mayeso anga kawiri." M'moyo mwanga sindinaganizepo kuti sapu ingadzanditsegulire khomo.

Ndinalowera khomo la m'mbali n'kumata kukhoma, kumbuyo kwenikweni. Holo inali yodzaza, zolankhula zili mkati, ndipo zinatenga maola awiri. Amalume ndinawaona: mzere wachisanu ndi chinayi, pampando wanga, pakati pa atsikana awiri a m'kalasi mwathu, akuwodzera mwaulemu, ngayaye ya chipewa ikuvina pamphuno. Kuti ndiwafikire ndinayenera kudutsa kutsogolo kwa makamera onse. Foni inanjenjemera. Pagulu la WhatsApp la kalasi yathu wina anali ataponya chithunzi chawo n'kulemba kuti, "Madala akalamba usiku umodzi, digiri si masewera." Ndinayankha kuti awadzutse, awauze atuluke. Mtsikana wa kumanzere kwawo anayesa ndithu, ndinamuona akunong'oneza. Koma kumanzere n'kumene kuli khutu la ku Joni.

Maina atayamba kuitanidwa, mizere inkaimirira umodziumodzi. Wachisanu ndi chinayi utaimirira, amalume anadzidzimuka, anaona mzere, mtima unakhala m'malo. Ine ndinayamba kuyenda chokwawira m'mbali mwa khoma, nditawerama, ndikuganiza kuti ndiwapeza pamasitepe, tisinthana mwakachetechete, palibe adziwe. Munthu wovala kabakha kumsana amaganiza zinthu zotere.

Ndinatsala ndi mapazi khumi pomwe dzina langa linamveka, lonse lathunthu, ndi la pakati lomwe. Amayi anga, amene maso awo ali ndi ng'ala, anaona gauni yakuda ikukwera n'kuimba nthungululu yomwe inamveka mpaka kutenti, amayi a banki mkhonde n'kuilandira. Mayi a ana, amene maso awo alibe vuto lililonse, anangoti chete.

Amalume anakwera mosathamanga. Anagwira dzanja la mkulu wa yunivesite ndi manja awiri, atapinda mawondo pang'ono, ndipo sanalisiye. Kwathu munthu wamkulu sumangomugwira chanza n'kudutsa ngati wakuba. "Mwadzuka bwanji, bwana? Kunyumba mwasiya ali bwanji?" Kamera inang'anima. Nthawi yomweyo ine ndinafika pa sitepe yomaliza, wefuwefu, ndipo lasitiki ija inatopa nane. Inaduka kuti thwa, kachipewa kanauluka n'kukatera pamiyendo pa pulofesa wina.

Phokoso lomwe linabuka m'holomo sindinalimveponso, ngakhale ku Bingu Stadium. Wowerenga maina anayang'ana pepala, anayang'ana amalume, anayang'ana ine, n'kubwereranso papepala ngati yankho lalembedwa m'munsi. Mkulu uja, munthu wophunzira ndithu, anadzigwira n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mwini dzinali ndani?"

Anafunsira kukhutu labwino. Ndipo chimkuzamawu chinali pafupi.

"Dzinali ndinapereka ndine, bwana, ali wa masiku asanu ndi awiri," anatero amalume. "Koma wowerenga mabuku ndi mphwangayu." Anatembenuka n'kundiona bwinobwino koyamba. "Iwe, wavala chiyani pamaso pa anthu?"

Chanza ndinapatsidwa, chachangu, mkulu uja akuyang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka. Wojambula wa mwambowo sanajambulenso. Dzina limodzi, chithunzi chimodzi, ndiponso pa nthawiyo anali atakhala pansi akupukuta misozi. Tinatsika awiri, amalume patsogolo, kabakha pambuyo.

Pobwerera mayi a ana sanayankhule mpaka pa Zalewa. Titawoloka mlatho anati, "Zaka zisanu ndikudzuka 3 koloko kukazinga mandasi." Anakhala chete mpaka pa Chingeni, pomwe anayamba kuseka, ndipo sanasiye mpaka dalaivala anaima kuti amwe madzi. Gauni inayenera kubwezedwa tsiku lomwelo, koma amalume anakana kuvula. Anati n'kulakwa kuti anthu a ku Blantyre aone, a kumudzi angomva. Anatsika nayo pa Dedza dzuwa likulowa, n'kuyenda wapansi kudutsa pamsika, pachigayo ndi pabwalo la amfumu. Inabwerera patatha masiku anayi ikununkha utsi, ndipo chindapusa chake mayi tcheya anachilemba patsamba lathu lija. Satifiketi itatuluka anabwera kudzaiona, anaiwerenga mawu onse, n'kulamula kuti iikidwe m'pulasitiki chifukwa ngongole yake sinathe.

Kuntchito anandikweza, tsopano ndili ndi tebulo la madilowa atatu, ngakhale mnyamata uja akunditchulabe Madala. Chithunzi chija amalume anaitanitsa chachikulu. Mukachiyang'anitsitsa m'munsi, kudzanja lamanzere, muona khutu, phewa labuluu ndi mlomo wa kabakha. Ameneyo ndine.

Kumudzi anthu ayamba kuwapititsira amalume makalata a kuchipatala, mafomu a ngongole ndi nkhani za malire a minda. Iwo amavala magalasi, amatembenuza pepalalo kawiri, n'kugwedeza mutu. Kenaka amawapatsa nambala yanga, akuti zing'onozing'ono ngati zimenezi amasiyira kalaliki wawo wa ku Lilongwe.