Sabata yowerenga utsi wa tiyi wathu

Lolemba m'mawa ndinapeza kalata ya ogula tiyi wathu a ku Britain. Akufuna LCA, kawuniwuni wosonyeza mpweya wotenthetsa dziko umene kilogalamu imodzi ya tiyi imatulutsa kuchokera m'munda kuno ku Thyolo mpaka padoko la kwawo, motsatira miyezo ya padziko lonse ya ISO 14040 ndi 14044. Ayi ndithu, malonda a masiku ano afika pamenepa.

Za magetsi sizinavute. Ambiri amachokera m'madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kotero mpweya wake ndi wochepa. Chimene chimakweza nambala ndi dizilo wa jenereta magetsi akathima.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinali ku boyila. Kuti tipeze kilogalamu imodzi ya tiyi wouma pamafunika masamba aawisi pafupifupi makilogalamu 4 ndi theka, ndipo madzi otsalira masamba akafota amachotsedwa ndi moto wa bulugamu. M'mabuku timangolemba milu ya nkhuni imene yalowa, osati kuuma kwake. Kapitawo wa paboyila anandiseka: "Achimwene, inu mukuwerenga mapepala, koma ine ndimamva ndi dzanja. Nkhuni yaiwisi imayamba yadziumitsa yokha isanaumitse tiyi." Amanena zoona. Amene amatigulitsa nkhuni timawalipira potengera kukula kwa mulu, nanga adzazisungiranji miyezi kuti ziume?

Feteleza ndiye anandidya Lachinayi lonse. Nayitrojeni akalowa m'nthaka, wina amatuluka ngati nitrous oxide, mpweya wotenthetsa dziko mwamphamvu kuwirikiza ka 273 poyerekeza ndi carbon dioxide. Feteleza wa m'minda yathu timamudziwa thumba ndi thumba. Wa alimi ang'onoang'ono amene amatigulitsa masamba ndi nkhani ina: thumba lolembedwa kuti lapita ku tiyi nthawi zina limathera m'chimanga, ndipo sindingawadzudzule, ana amadya nsima.

Sitima yapamadzi, imene aliyense muofesi ankaganiza kuti ndiye mwini mlandu, gawo lake linapezeka laling'ono. Pa tani iliyonse ndi kilomita iliyonse, lole yopita ku Beira ndiyo imatentha mafuta ambiri.

Lachisanu lipoti sindinathamangire kulitumiza. Ndinayamba ndakhala pansi ndi amayi oyang'anira zogulagula, chifukwa makontirakiti ali m'manja mwawo. Tinagwirizana kuti nkhuni ziziyezedwa chinyezi pageti, zouma zizilipidwa bwinoko, ndipo kalaliki wolandira masamba azifunsanso za feteleza. Za shedi yosungiramo nkhuni anati ndikakambe ndekha ndi a zachuma sabata yamawa.