Mmene ndinkasandutsira mayunitsi a magetsi kukhala bitcoin mu 2011

Anthu akamva kuti ndinakumbako bitcoin, ndalama ya pa intaneti imene imakumbidwa ndi kompyuta, mu 2011 amathamangira kufunsa kuti ndinali nazo zingati. Ine chimene ndimafuna kuwafotokozera ndi ntchito yake, chifukwa inali ntchito ndithu, yokhala ndi masamu ake, phokoso lake komanso nkhawa zake. Nthawi imeneyo ndinali ku Joni, ndikugwira ntchito pa shopu yokonza makompyuta mu Johannesburg ndipo ndinkachita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ya mayi ena achikulire. Mu Febuluwale chaka chimenecho bitcoin imodzi inafika pofanana ndi dola imodzi ya ku America, nkhani n'kumveka pakati pa anthu okonda zamakompyuta. Pasanathe chaka kuchokera pamene Laszlo Hanyecz wa ku Florida anapereka mabitcoin 10,000 pogula pizza ziwiri pa 22 Meyi 2010, chinthu chija chinali chitasanduka ndalama yoti munthu n'kuiwerengera.

Choyamba chinali kuika pulogalamu ya Bitcoin pa kompyuta. Ukaitsegula, imayamba kukoka mablock onse, omwe ali ngati masamba a kaundula wa malipiro a bitcoin, kuyambira yoyamba ija imene Satoshi Nakamoto, woyambitsa Bitcoin, anakumba pa 3 Januwale 2009, ndipo umangoona nambala ikukwera pakona ya pansi. Zinanditengera usiku ndi usana. Ikamaliza, chofunika kwambiri ndi kafayilo kotchedwa wallet.dat, momwe mumakhala makiyi a ndalama zako. Pa nthawiyo kafayiloka kanalibe ndi pasiwedi yomwe, mwayi wokatsekera unabwera cha mu Seputembala 2011. Aliyense wokakopera watenga zonse, hard drive ikafa zonse zapita. Ndinakakopera pa fulashi n'kuisunga m'chikwama momwe ndinkasunga pasipoti ndi pemiti, ndipo ndinkakoperanso mwatsopano pafupipafupi.

Ndisanagule chilichonse ndinakhala pansi ndi kope kuwerengera. Lamulo la Bitcoin ndi lakuti block imodzi izipezeka pa mphindi pafupifupi 10 zilizonse, ndipo woipeza ankalandira mabitcoin 50. Ndiye kuti pa tsiku dziko lonse linkagawana mabitcoin pafupifupi 7,200, kaya okumba achuluke kaya achepe. Kukumbako ndi kungoyesa manambala: kompyuta imawerengera hash, nambala yaitali yotuluka m'masamu ena apadera, ndipo ikalephera kufika pa mlingo wofunika imasintha nambala n'kuyesanso. Mlingowo umayendera nambala yotchedwa difficulty, imene imasinthidwa pakadutsa mablock 2,016, pafupifupi milungu iwiri iliyonse. Okumba akachuluka, imakwera. Kuti udziwe kuti ufunika kuyesa kangati usanapeze block, umachulukitsa difficulty ndi 4.3 biliyoni.

Purosesa wamba ankayesa mamiliyoni ochepa chabe pa sekondi, ndipo pofika 2011 nthawi yake inali itatha. Anzathu anali atatulukira kuti graphics card, khadi lija anyamata amagulira masewera, limagwira ntchito yomweyo mofulumira kambirimbiri, makamaka makadi a ATI. Ndinapeza Radeon HD 5850 yogwiritsidwapo kale ntchito, yotha kuyesa pafupifupi 300 miliyoni pa sekondi. Ndinasinthanso power supply chifukwa yakale sikanakwanitsa. Kenako madalaivala a Catalyst oyendetsera khadilo, pulogalamu ya OpenCL yothandiza khadi kuchita masamu, ndi kapulogalamu kokumbira kotchedwa poclbm, kamene umakalamula polemba mawu pa windo lakuda. Kuti zitatuzi zigwirizane panafunika kuleza mtima. Dalaivala wina ankachedwetsa khadi, wina ankaumitsa kompyuta yonse, ndipo yankho umalipeza powerenga zimene ena amene anavutikapo kale analemba.

Mu Marichi difficulty inali cha m'ma 70,000. Masamu anga anaonetsa kuti ndikamakumba ndekha ndizipeza block imodzi pa masiku 11 kapena 12, koma imeneyo ndi avereji chabe. Ukhoza kupeza ziwiri mlungu umodzi, ukhozanso kutha mwezi ndi theka uli chimanjamanja pamene mita ikudya. Munthu wolipira lendi sangadalire zotero. N'chifukwa chake ndinalowa pool ya Slush, imene Marek Palatinus wa ku Czech Republic anayambitsa kumapeto kwa 2010. Zimakhala ngati gulu la aganyu amene atenga munda umodzi, ndipo malipiro akabwera aliyense amalandira molingana ndi mizere imene walima. Umalembetsa dzina, umapatsa khadi lako dzina ndi pasiwedi, umalemba adiresi ya bitcoin yolandirira, basi. Pool inkadulapo 2 peresenti. Zimene wakumba sizibwera pompopompo ayi, chifukwa ndalama za block yatsopano zimadikira kuti pamwamba pake pamangidwe mablock ena 100, kutanthauza maola oposa 16.

Usiku woyamba sindinagone bwino. Fani ya khadi ndinaiika kuti izithamanga kwambiri, ndipo inkalira osapuma m'chipinda chimene bedi linali pafupi ndi tebulo. Ndinachotsa chitseko cha m'mbali mwa kompyuta, n'kulozetsapo fani ya pansi ija timagwiritsa ntchito kukatentha. Maso anali pa nambala ya kutentha, ikadutsa madigiri 80 ndinkatsitsa liwiro. Loweruka lililonse ndinkazimitsa, n'kupukuta fumbi pa timapiko ta fani ndi kaburashi, chifukwa fumbi la ku Joni likadzaza khadi limatentha msanga. Pofika Juni, kuzizira kutayamba, kutentha komweko kunandithandiza, moti chaka chimenecho hita sindinayatse.

Mita ya magetsi inali yolipiriratu ndipo tinkagawana ndi eni nyumba. Sipanatenge nthawi kuti aone kuti mayunitsi akutha msanga. Ndinapita ndekha kukawafotokozera. "Amayi, makina anga ndi amene akudya magetsi. Ndiziwonjezera ndalama ya mayunitsi 7 pa tsiku." Kompyuta yonse inkakoka mawati pafupifupi 300, ndiye pa maola 24 ndi mayunitsi 7 ndi kanthu, ndipo yuniti inali pafupifupi R1. Anavomera, tinapangana kuti ndizipereka kumayambiriro kwa mwezi. Nambala imeneyi, R7 pa tsiku, ndi imene ndinkayezera china chilichonse. Mu Marichi khadi linkabweretsa mabitcoin 4 pa tsiku, mtengo uli pansi pang'ono pa dola, dola ili pafupifupi R7. Zinkakwana R20 ndi kanthu, phindu linalipo ngakhale linali lochepa.

Gawo lovuta kwambiri linali kugulitsa. Ku South Africa kunalibe msika wa bitcoin. Mtengo tonse tinkaonera pa Mt. Gox, msika umene Jed McCaleb anatsegula mu Julaye 2010 n'kuugulitsa kwa Mark Karpelès mu Marichi 2011, koma kutulutsako ndalama kudzera ku banki kupita dziko lina kunali ndi mtengo woti wogulitsa zochepa ngati ine sakanapindula. Ndiye ndinapita ku #bitcoin-otc, malo ochezera a pa intaneti a IRC komwe anthu ankagulitsana okhaokha. Kumeneko dzina ndiye chuma. Umapanga kiyi ya GPG, yomwe ili ngati siginecha yako ya pa kompyuta, umailembetsa kwa kapulogalamu kotchedwa gribble, ndipo ukamalowa umatsimikiza kuti ndiwedi posayina uthenga. Mukamaliza malonda mumapatsana mavoti, kuyambira -10 mpaka +10, ndipo aliyense amatha kuona mbiri yako.

Watsopano ndiye ankayamba kutumiza. Izi zinkandiopsa chifukwa bitcoin ikapita yapita, palibe ofesi yokadandaulako, pamene malipiro a pa PayPal, njira yolipirira pa intaneti, wolipira akhoza kuwatsutsa pambuyo pake ndalama n'kubwerera. Wogulitsa bitcoin ndiye ankasenza chiopsezo chonse. Njira yanga inali iyi: ndinkasankha munthu wokhala ndi mavoti ambiri ochokera kwa anthu amenenso ali ndi mbiri, ndinkayamba ndi zochepa zoti zitatayika ndisalire, ndipo malonda aakulu tinkawagawa pawiri kapena patatu. Ndikatumiza, wogula ankadikira kuti padutse mablock 6, pafupifupi ola limodzi, kenako n'kulipira. Ola limenelo ndinkakhala chete kuyang'ana sikirini. Madola akalowa ndinkawatsitsira ku akaunti ya FNB, popeza kuyambira 2010 banki imeneyi inali italumikizana ndi PayPal, ndipo pakapita masiku angapo ndinkawatapa ngati marandi. Ndalama zoyamba zinabweza mtengo wa power supply, zotsatira ndinawonjezera pa zimene ndinkatumiza kumudzi mwezi uliwonse.

Kenako mtengo unayamba kuthamanga. Pa 8 Juni unadutsa madola 30. Difficulty nayo inali itadutsa 500,000, moti khadi langa linkangobweretsa theka la bitcoin pa tsiku, koma theka limenelo linali loposa R100. Mnzanga wina wakumudzi, amene tinkapemphera limodzi, anabwera kudzaona makinawo n'kunena kuti akufuna kukongola ndalama agule makadi anayi. Ndinamutsegulira kope. "Achimwene, taonani mzere uwu. Mu Marichi mabitcoin anayi pa tsiku, lero theka. Aliyense amene wamva mtengowu akugula makadi ngati inuyo, ndipo 7,200 ija siikula." Anaganiza kaye, n'kuzisiya. Mwezi usanathe difficulty inadutsa 1 miliyoni. Pa 19 Juni akuba analowa mu Mt. Gox, mtengo wa pamsikawo unagwa mpaka senti imodzi kwa kanthawi, ndipo msika unatsekedwa masiku angapo. Anthu ambiri mitima inawagwa, mtengo n'kumatsika mwezi ndi mwezi.

Apa m'pamene ndinamvetsa mmene chuma cha kukumba chimayendera. Mtengo ukakwera, makina amachuluka mwamsanga. Mtengo ukatsika, makinawo sachoka msanga, chifukwa amene anagula kale khadi amapitiriza malinga ngati zolowa zikuposa bilu ya magetsi, ndipo amene salipira magetsi sazimitsa n'komwe. Wotsala pampikisano ndi amene ali ndi magetsi otchipa. Ife kuno mitengo ya magetsi a Eskom inali ikukwera ndi pafupifupi 25 peresenti pa chaka m'zaka zimenezo.

Mu Novembala bitcoin inatsika kufika cha m'ma dola awiri. Difficulty inali itatsikako koma idakali pamwamba pa 1 miliyoni, khadi likubweretsa kota ya bitcoin pa tsiku, yosakwana R5, pamene mita ikudyabe R7. Munthu wofuna bitcoin zinali zotchipa kungogula kusiyana ndi kukumba. Ndinadikira kuti pool itumize zotsala, ndinakoperanso wallet.dat, n'kuzimitsa. Khadi ndinaligulitsa kwa mnyamata wina wamasewera nditamuuza kuti lakhala likugwira ntchito usana ndi usiku, ndipo ndinamutsitsirako mtengo chifukwa fani yake inali itayamba kulira mosiyana. Eni nyumba ndinawauza kuti kuyambira Disembala tibwerera ku kagawidwe kakale ka mayunitsi.