Mchenga pagombe, dongo kutali

Pa maphunziro a nthaka amene ndikuchita, mutu umene wandikhala pamtima ndi wa zigwa zomwe mitsinje imasefukiramo. Mfundo yomwe ndikuiganizirabe ndi yakuti malo oyandikana ndi mtsinje nthawi zambiri amakhala okwera kuposa a kutali nawo.

Madzi akangodumpha gombe, liwiro lawo limatsika pompopompo, ndipo zolemera ndizo zimayamba kugwa. Mchenga umatsala pafupi, n'kumaunjikana kusefukira kulikonse mpaka kupanga kachitunda kotsata mtsinje. Dongo, poti ndi lopepuka, limatengedwa mpaka kumalo otsika kumene madzi amadikha milungu ingapo. Kumeneko nthaka imakhala yomata, yosowa mpweya, yotuwa komanso yamathothomathotho ofiira. Mathothowa ndi dzimbiri lenileni: chitsulo cha m'dothi chimasungunuka madzi akadzaza, n'kuchita dzimbiri madziwo akaphwa.

Chimene chandisangalatsa koposa ndi kuwerenga khoma la dzenje lokumbidwa m'chigwa chotere. Pamwamba pali mchenga woyera, pansi pake dongo, kenako kamzere kakuda kokhala ndi timizu towola. Kamzereko kanali pamwamba kalelo, udzu unkamera pamenepo, madzi asanakakwirire. Mu 1941, katswiri wa za nthaka Hans Jenny anafotokoza kuti nthaka imapangidwa ndi zinthu zisanu: nyengo, zamoyo, kapendekedwe ka malo, chimene dothilo lachokera, ndi nthawi. M'chigwa, nthawi ndi imene imasowa. Nthaka ikangoyamba kukhwima, matope atsopano afika kale. Yokhwima imapezeka m'mwamba, pa masitepe amene mtsinje unasiya pomwe unkakumba khwawa lake kupita pansi. Poti madzi sakufikakonso, mvula imatsitsira dongo m'kati, mtundu umafiira, ndipo chonde chimayamba kuchepa.

Mtsinjewo sukhalanso malo amodzi. Pokhota, madzi amagumula gombe lakunja n'kusiya mchenga mbali yam'kati, ndipo khotolo likakula kwambiri mtsinje umadula njira yachidule, kusiya nyanja yopindika. Lake Chicot ku Arkansas, m'dziko la America, inapangika motero. Mapu amene katswiri wa za miyala ndi nthaka Harold Fisk anajambula mu 1944 amaonetsa makwawa akale a mtsinje wa Mississippi atapiringizana m'chigwa chonse.

Apa m'pamene ndimada nkhawa ndi mmene anthu timachitira ndi mitsinje. Mtsinje wa Huang He ku China umanyamula matope ochuluka zedi. Anthu atautchinga ndi zipupa, matopewo anasowa kopita n'kumaunjikana m'khwawa momwemo, moti ku Kaifeng mtsinje umayenda pamwamba kuposa mzinda. Mu 1855 unaphwasula zipupa n'kusintha njira, kukathira m'nyanja ya Bohai. Ku Egypt vuto linabwera mwa mtundu wina. Damu lalikulu la Aswan litamalizidwa mu 1970, matope amene Nile inkathira m'minda chaka ndi chaka anayamba kutsalira mu Lake Nasser, nyanja imene inapangika kuseri kwa damulo. Damulo linathandiza ndithu, pa magetsi ndi ulimi wothirira, koma alimi anayamba kudalira kwambiri feteleza, ndipo gombe la ku Rosetta, kumene Nile imathira m'nyanja, linayamba kudyedwa ndi mafunde mofulumira kuposa kale.

Ine ndikuona kuti aliyense wokonza zotchinga mtsinje ayenera kuyamba wafunsa kumene matope ake azikagwera, chifukwa mtsinjewo sudzaleka kuwanyamula.