Sabata imene ndinatsitsa kiyi

Lolemba m'mawa abusa anandiitana ku ofesi. Dzulo lake kwaya imene ndimaphunzitsa inali itayimba nyimbo ya mawu anayi yomwe tinaivutikira miyezi iwiri, sopurano, alito, tena ndi besi akulowa aliyense panthawi yake. "Aphunzitsi, munayimba bwino zedi," anatero abusa. "Koma anthu munawaona? Anangoti duu." Mawuwa anandilasa chifukwa anali oona. Ndinawaona ndekha agogo ena pa benchi yachitatu akutsegula pakamwa kuti alowe nawo, kenako n'kutseka.

Lachiwiri achinyamata ananditumizira pa WhatsApp kolasi yomwe ili mkamwamkamwa, ati tiyimbe imeneyi. Nditangoimva ndinakwinya nkhope. Makodi, magulu a manotsi olizidwa pamodzi, ndi atatu okha, a do, fa ndi so, mawu ake mzere umodzi wobwerezabwereza, kiyi ili pamwamba moti woyimbayo amachita kukuwa. Komabe ndinaimvera kangapo, ndikudzifunsa chimene chikuwakoka anthu. Ndinachipeza. Nyimboyo imakwera ndi kutsika pang'onopang'ono osadumpha, woyambitsa akaponya mawu ovomera amalandira, ndipo pali malo opumira. Amene anaipeka amadziwa mmene khamu la anthu limayimbira, chinthu chomwe ine ndinachitaya pothamangira kukongola kwa mawu anayi.

Pulakatisi ya Lachitatu inatentha. Bambo wina wachikulire, msanamira ya besi yathu, anayika buku lake pansi. "Aphunzitsi, solofa tinaphunzirira zimenezi? Tchalitchi si malo a dansi." Mtsikana wa alito anayankha mwaulemu, "Bambo, nanga tikamayimba tokha, enawo abwerera chiyani?" Ndinawakumbutsa kuti solofa yomweyo, njira yolembera nyimbo ndi do, re, mi, John Curwen anaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 kuti anthu wamba ndi ana aziwerenga nyimbo mosavuta. Martin Luther naye anapeka nyimbo m'Chijeremani kuti mpingo wonse uziyimba, ndipo mabuku oyamba a nyimbo zimenezo anatuluka mu 1524. Akatolika pa msonkhano wachiwiri wa Vatican, mu 1963, anatsindika zoti anthu azitenga nawo mbali poyimba. Komanso bambo aja sankalakwa. Salimo 33 limatiuza kuyimba nyimbo yatsopano, ndipo pomwepo likuti tiyimbe mwaluso.

Ntchito yeniyeni ndinaigwira Lachinayi usiku, ndili ndekha pa kiyibodi. Ndinatsitsa kiyi kuchoka pa G kufika pa E kuti amayi achikulire asamavutike pamwamba. Kenako ndinalimbana ndi mawu. Chichewa chili ndi kakwezedwe kake ka mawu: khungu la pathupi ndi khungu la maso timazisiyanitsa ndi mmene liwu lakwerera. Nyimbo ikakweza pomwe chilankhulo chimatsitsa, khutu limamva kuti china chapotoka ngakhale munthu sangathe kuchitchula. Ndinakonza malo awiri otero. Ndinalemba mavesi awiri okhala ndi uthenga woti munthu apite nawo kunyumba, chifukwa mzere umodzi wokha sungamudyetse sabata yonse. Besi ndinaipatsa kanjira kakekake kotsika pansi pa kolasi, kovutirapo ndithu, koma kosasokoneza woyimba wa pa benchi. Ndinagona cha m'ma 1 koloko.

Loweruka vuto linali sipika. Mnyamata wa kiyibodi amakonda biti yamphamvu, ndipo inkameza mawu onse. Ndinamutenga n'kukaima naye kumbuyo kwa tchalitchi, kwaya ikuyimba. "Achimwene, mwamva mawu angati?" Anapukusa mutu, napita yekha kukachepetsa.

Lamulungu tinayamba vesi loyamba popanda chida chilichonse. Pofika pa kolasi yachiwiri mpingo unali utalowa, ndipo agogo a pa benchi yachitatu aja ankayimba maso ali chitsinzinire. Tena inalowa mochedwa pa vesi lachiwiri, ndipo tidzakonza. Potuluka, bambo a besi aja anandigwira dzanja. "Kanjira kaja n'kabwino, aphunzitsi. Koma nyimbo yathu ya mawu anayi ija musaitaye." Ndinawalonjeza kuti ibwera pa Pasaka, ndipo ndayamba kale kulemba kolasi yaifupi yoti mpingo uzidzavomera pakati pake.