Mmene ndinafikira makolo a ana anga a Sitandade 2

Teremu yatha, malipoti tapereka, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Makolo ambiri anabwera akudziwa kale pamene mwana wawo akulimba ndi pamene akuvutika. Ndikulemba izi kwa inu aphunzitsi anzanga a makalasi aang'ono, makamaka a kumudzi, kuti musataye nthawi ndi ndalama pamene ndinatayira ine.

Zoyamba mukuzidziwa: kudziwitsa a hedi, kulemba mayina a ana ndi midzi yawo. Chowonjezera changa n'chakuti pambali pa dzina mulembe amene akukhala ndi mwanayo. Osangolemba dzina la bambo lomwe lili m'kaundula. Ambiri mwa ana anga amakhala ndi agogo kapena azakhali, bambo ali ku Joni, mayi ali kutauni. Uthenga uyenera kupita kwa amene amamuona mwanayo madzulo.

Tsopano nkhani ya kalata, imene mpaka lero ikandibwerera mtima umawawa. Ndinkafuna kutumiza kalata kwa kholo lililonse yofotokoza zimene tiphunzire teremuyo ndi mmene angathandizire kunyumba. Ku ofesi anandiuza kuti kalata yochokera pasukulu iyenera kutayipidwa, kudindidwa chidindo, komanso ikhale ya m'Chingerezi chifukwa ndi ya ofesi. M'Chingerezi! Kwa agogo amene sanapondeko m'kalasi! Ndinachonderera mpaka anavomera kuti pansi pake ndiikepo Chichewa, zimene zinachititsa kuti kalata ikhale masamba awiri, mtengo wa fotokope n'kuwirikiza. Nditafunsa za ndalama anati zifunika a komiti asaine. Msungichuma wa komiti anali kumaliro kumudzi wina. Atabwerako, yankho linali loti ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, zinagawidwa kale m'pulani ya sukulu ndipo makalata a kalasi imodzi mulibemo. Bwanji osandiuza zimenezo pachiyambi, m'malo mondiyendetsa uku ndi uku?

Ndinaganiza zolipira ndekha. Loweruka m'mawa ndinakwera kabaza kupita pa tireding'i senta. Magetsi kulibe. Mwini shopu anati ndidikire, abwera posachedwa. Ndinakhala pakhonde dzuwa likundiwomba, zochapa zikundidikira kunyumba, dimba osathirira. Chakumadzulo anati ayatsa jenereta, koma mtengo wa tsamba limodzi ukwera chifukwa cha petulo. Ndinavomera, poti ndinali nditadikira kale tsiku lonse. Makina atayamba, inki inali yakutha, moti masamba omalizira anatuluka oyera mbuu, chidindo osaoneka n'komwe. Ndalama yonse analandira, osachotsako ngakhale tambala. Ana anga ndi oposa 100, ndiye werengani nokha masamba awiri pa mwana aliyense, kuphatikiza kabaza kupita ndi kubwera, zonsezo pa malipiro a mphunzitsi wa pulaimale.

Ndipo makalatawo anathera kuti? Ena ananyowa ndi mvula m'majumbo a ana. Ena ndinawaona pa buleki atakulungira zitumbuwa. Amene anafika kunyumba anaikidwa kudenga kudikira wodziwa kuwerenga Chingerezi.

Chimene chinagwira ntchito sichinandidyere ndalama: kulemba m'kope la mwana. Lachisanu lililonse ndimalemba pabolodi mizere iwiri yokha m'Chichewa, ana n'kukopera kutsamba lakumapeto kwa kope lawo. Mwachitsanzo, sabata imene tinaphunzira maphatikizo a nda, nde, ndi, ndo, ndu, uthenga unali woti mwana atchule mawu asanu okhala ndi maphatikizowa, monga ndalama, ndege, ndodo, ndipo kholo lisaine kapena lingoika kamtanda. Kukoperako kumakhalanso phunziro la kulemba. Amene dzanja lawo silinakhazikike amathandizidwa ndi ana a Sitandade 7 omwe ndinawapempha kwa mphunzitsi wawo, amabwera pa buleki. Lolemba m'mawa ndimayang'ana masambawo ana akulowa m'kalasi. Kope silitayika ngati pepala, chifukwa kholo ndi limene linaligula ndipo limalifunsa.

Chinthu chimodzi pa sabata, osapitirira. Mukalemba zinthu zisanu palibe chimene chichitike.

Ndibwerere kaye m'mbuyo, chifukwa ndisanayambe za makopezi ndinachititsa msonkhano, ndipo popanda msonkhanowo makolo sakanadziwa kuti kumapeto kwa kope kuli uthenga. Poitana anthu musadalire ana okha. Ndinapita kwa amfumu ndi a tcheyamani a bungwe la makolo ndi aphunzitsi la PTA, ndipo amfumu anatuma anthu awo kulengeza m'midzi. Tinapemphanso kuti alengeze kumzikiti Lachisanu, kwa a Seventh Day Loweruka ndi m'matchalitchi ena Lamulungu. Pewani tsiku la msika. Nyengo ya dzinja musaitane m'mawa, anthu ali kumunda. Ndipo polengeza anene momveka kuti pamsonkhanopo sipadzakhala nkhani ya ndalama kapena kuumba njerwa, chifukwa makolo ambiri akamva kuti akuitanidwa kusukulu amaganiza zimenezo, n'kukhala kunyumba.

Pamsonkhano sindinalankhule nthawi yaitali. Ndinabwera ndi zitsekerero za mabotolo, timitengo ndi chimanga, n'kuonetsa mmene mwana amaphatikizira ndi kuchotsera. Ndinadula katoni n'kulembapo ba, be, bi, bo, bu ndi makala, kuti aone kuti makadi owerengera safuna kugula. Agogo ena anadandaula kuti iwo sadziwa kuwerenga, ndiye angathandize bwanji. Ndinawauza zimene ndikukhulupirira ndi mtima wonse: mwana akuwerengereni mokweza, inu muzimvetsera, kenaka mumufunse kuti nkhaniyo ikuti chiyani. Akadodoma mudzamva, ngakhale simukudziwa zilembo. Muzimufotokozera nthano ndi zilapi, muzimutuma kuwerenga nkhuku zikamalowa m'khola, kapena mawu a papaketi ya shuga ndi sopo. Kholo losaphunzira si kholo lopanda nzeru, ndipo n'zowawa kuti ife aphunzitsi nthawi zambiri timalankhula nawo ngati alibe gawo.

Vuto lake ndi lakale. Chiyambireni maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, pa ulamuliro wa a Bakili Muluzi, ana anadzaza m'makalasi kuposa aphunzitsi ndi zipinda. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi oyambirira ambiri a ife tili kutali ndi chiwerengero chimenecho. Mwana mmodzi sindingamumve akuwerenga payekha tsiku lililonse, n'zosatheka. Pulogalamu ya kuwerenga ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016 ya Sitandade 1 mpaka 4, inatipatsa njira yabwino yophunzitsira maliwu ndi maphatikizo, koma kuyeserera kwa mwana payekha kuyenera kuchitikira kunyumba. Mwana akadutsa Sitandade 4 asakuwerenga bwino, mayeso a MANEB a Sitandade 8, a PSLCE, adzamupeza ali m'mavuto, ndipo ena amasiyira panjira asanafikeko.

Za mabuku. Amene tili nawo ndi ochepa, ndiye ana amatenga mosinthana, mudzi uno sabata ino, mudzi wina sabata yamawa. Ndinapempha amayi kuti asoke timatumba ta saka kapena asunge jumbo yolimba, buku lisanyowe. Ndinawauzanso kuti mwana aziwerenga akangoweruka kapena dzuwa lisanalowe, chifukwa tochi ya m'nyumba ndi imodzi ndipo mabatire ndi ndalama.

Gulu la pa WhatsApp ndinalitsegula, koma musaike chiyembekezo chonse pamenepo. Amene ali ndi mafoni otha WhatsApp ndi ochepa, ndipo bandulo ikatha amasowa kwa nthawi. Poyamba munadzaza mauthenga a mapemphero, malonda a kaunjika ndi ndale, mpaka ndinatseka kuti ndizitumiza ndekha. Uthenga wa mawu umamveka kuposa wolemba. Phindu lake lalikulu ndinaliona kwa abambo amene ali ku South Africa: amamva zimene mwana akuphunzira, n'kuimbira foni agogo kufunsa ngati wawerenga. Chonde musaikemo malikisi a ana kapena dzina la mwana amene akulephera. Kholo lochititsidwa manyazi pagulu limakakalipira mwana kunyumba ndipo silibweranso kusukulu. Zotero muziitana kholo palokha. Ngakhale muli ndi gululo, lembanibe m'kope, chifukwa kope lili m'nyumba iliyonse.

A PEA, alangizi a sukulu za pulaimale a dera lathu, atabwera kudzayendera kalasi anaona masamba akumapetowo ndipo sanafunse za chidindo. Anangopempha kuti ndikafotokozere anzathu ku TDC, malo amene aphunzitsi a dera timakumanirako. Ndiye tsiku lonse lija la pakhonde la shopu, ndi ndalama ija, zinali za chiyani?

Sikuti zonse zayenda. Pali ana amene tsamba lawo limabwerera lopanda kanthu sabata ndi sabata, ndipo kuyambira Januwale mpaka Malichi, njala ikavuta, amachuluka chifukwa makolo amakhala ku ganyu kuyambira m'bandakucha. Mwana wotero musamupatse chibalo, si mlandu wake. Mayina awo ndimapereka kwa amayi a mother group, gulu lothandiza kuti ana asasiye sukulu, amene amapita kukacheza pakhomopo mwaulemu n'kudzandiuza chimene chavuta. Kwina tinapeza mkulu wake wa mwanayo wa Sitandade 6 kuti azimumvetsera ndi kusaina. Kwina mnansi anavomera kuti ana a nyumba zitatu aziwerengera limodzi pakhonde pake. Teremu ikubwerayi ndikufuna kuyamba msonkhano sabata yachiwiri, mvula isanalimbe, ndipo mphunzitsi wa Sitandade 3 amene alandire ana angawa ndamupatsa kale mndandanda wa amene amakhala ndi mwana aliyense.