Mmene ndimasankhira mafilimu ndi kupeza mpando pa chikondwerero cha mafilimu

Chikondwerero chachikulu ngati Berlinale ya ku Berlin kapena cha ku Toronto chimaonetsa mafilimu oposa 200 m'masiku 11 okha. Munthu woonera anayi tsiku lililonse osapumira sapitirira 44. Ndiye ntchito yaikulu ili pa kusankha zoti musiye, ndipo ine ndimaimaliza ndisanagule tikiti ngakhale imodzi.

Choyamba ndimafufuza ngati chikondwererocho chimalola munthu wamba. Cannes ya ku France, yomwe imachitika mu Meyi kuchokera kale ndipo inayamba mu 1946, sigulitsa matikiti a mafilimu a mu mpikisano. Kulowa ndi baji, ndipo baji imapatsidwa kwa atolankhani ndi ogwira ntchito za mafilimu. Pali mwayi wa masiku atatu wa achinyamata a zaka 18 mpaka 28, koma amayenera kulemba kalata yofunsira nthawi idakalipo. Berlinale mu Febuluwale, Rotterdam kumapeto kwa Januwale, Locarno mu Ogasiti ndi Toronto mu Seputembala, zonsezi zimagulitsa matikiti kwa aliyense. Ku Berlin samalani ndi zaka: mafilimu ambiri amakhala asanaunikidwe kuti ndi a msinkhu wanji, choncho wosakwana zaka 18 amabwezedwa pakhomo, kupatula pa gawo la ana ndi achinyamata lotchedwa Generation.

Pulogalamu ikatuluka, sindiyambira pa maina otchuka. Pa filimu iliyonse ndimayang'ana kutalika kwake, chinenero chake, ndi kuti ikuonetsedwa koyamba padziko lonse kapena yadutsa kale kwina. Kenako ndimafunsa funso limene limachotsa theka la ndandanda yanga: kodi filimuyi ili kale ndi kampani yoigawa? Ikakhala kuti yagulidwa ndi kampani yaikulu, kapena ndi ya Netflix kapena MUBI, omwe amaonetsa mafilimu pa intaneti, idzandipeza yokha pakapita miyezi ingapo. Yomwe ilibe woigula, tinene filimu yoyamba ya dayilekitala wa ku Georgia, Senegal kapena Paraguay, imatha kuzungulira zikondwerero chaka chimodzi n'kusowa. Mpando wanga umapita kwa yotereyi. Anthu ambiri amachita zosiyana ndi zimenezi, amalimbirana filimu ya katswiri wa ku Hollywood imene mwezi wamawa izikhala ikuonetsedwa paliponse.

Magawo a pulogalamu amathandiza kudziwa zimene mukupita kukaona. Ku Berlinale, mpikisano waukulu umakhala ndi mafilimu pafupifupi 20 olimbirana mphoto yaikulu yotchedwa Golden Bear. Panorama imakhala ndi nkhani zosavuta kuzitsatira ndipo opereka mphoto yake yotchuka ndi oonera. Forum ndi ya mafilimu oyesa njira zachilendo, ena oyenda pang'onopang'ono kwambiri moti wosazolowera amatopa. Musaganize kuti za mu mpikisano ndiye zabwino zokha, komanso musaganize kuti zopambana ndi za ku Ulaya zokha: Golden Bear ya 2005 inapita kwa filimu ya m'Chixhosa ya ku South Africa, ndipo ya 2024 inapita kwa Mati Diop ndi filimu yake Dahomey, yofotokoza za kubwezedwa ku Benin kwa zinthu 26 zachifumu zimene Afalansa analanda. Filimuyo ndi ya mphindi zosakwana 70.

Filimu yoonetsedwa koyamba padziko lonse ilibe ndemanga iliyonse, moti mukugula mosaona. Zikatero ndimayang'ana ntchito zakale za dayilekitala ndi kampani yomwe ikugulitsa filimuyo. Mawu achidule a m'pulogalamu sindiwadalira kwenikweni, popeza amalembedwa ndi anthu amene anaisankha filimuyo ndipo sangainyoze.

Ndandanda ya masiku ndiye pamene ambiri amagwa. Filimu iliyonse imaonetsedwa kangapo, kawirikawiri katatu mpaka kasanu, m'maholo osiyana. Chionetsero choyamba, chija chokhala ndi kapeti yofiira, ndicho chovuta kupeza tikiti ndipo nthawi zambiri ndicho chodula. Ine ndimayamba ndi mafilimu amene ali ndi zionetsero zochepa, n'kuwakhomerera pa tsiku ndi ola lake, kenako ena aja okhala ndi zionetsero zambiri ndimawalowetsa m'mipata yotsala. Zionetsero zolembedwa kuti ndi za atolankhani ndi amalonda ndimazidumpha, chifukwa tikiti wamba sigwira ntchito kumeneko.

Masamu a nthawi ndimawachita chonchi. Filimu ya mphindi 120 yoyamba 2 koloko masana sitha 4 koloko. Onjezani mphindi 10 za mawu otsegulira, ndipo ngati dayilekitala alipo, mphindi 20 za mafunso pamapeto. Yafika 4:30. Ngati holo yotsatira ili mbali ina ya mzinda, monga kuchoka ku Potsdamer Platz kupita ku Alexanderplatz mu mzinda wa Berlin, ikani mphindi 30 za ulendo wonse, kuchokera pa mpando mpaka pakhomo linalo, ndi mphindi zina 20 za pamzere. Ndiye filimu yachiwiri isayambe isanakwane 5:20. Ku Berlinale kulibe zotsatsa malonda za mphindi 15 zimene zimapulumutsa wochedwa m'holo wamba, kumangodutsa kachizindikiro ka chikondwerero basi filimu yayamba. Chitseko chikatsekedwa salowetsanso munthu ndipo ndalama sabweza. Yang'ananinso kutalika musanadine batani: mu 2016 mpikisano wa ku Berlin unali ndi filimu ya Lav Diaz wa ku Philippines ya maola 8, yomwe inkadya tsiku lonse.

Mafilimu atatu pa tsiku ndiwo mlingo umene mutu umasunga. Anayi n'zotheka ngati imodzi ndi yaifupi. Filimu yolemera, yamawu ochepa, ndimaiika m'mawa, osati nditangodya masana.

Za matikiti, ku Berlinale amatsegula pa intaneti kutatsala masiku atatu kuti chionetsero chichitike, 10 koloko m'mawa nthawi ya ku Berlin, ndipo a mafilimu ofunidwa amatha m'mphindi zochepa. Akaunti ndimatsegula dzulo lake, khadi yakubanki ndimailowetseratu, ndipo foni yolandirira uthenga wa kubanki imakhala pambali panga, chifukwa tikiti imasungidwa m'basiketi kwa mphindi zochepa chabe ndipo uthengawo ukachedwa imabwerera kwa ena. Ndimayamba ndi filimu ya m'holo yaing'ono, ya m'holo ya mipando 1,000 ingadikire. Pa ola lililonse ndimakhala ndi filimu yachiwiri yolembedwa pambali kuti yoyamba ikatha ndisayambe kusanthula pulogalamu pamene ena akugula.

Mawu akuti matikiti atha si mapeto. Mipando ina imasungidwira ogwira ntchito pa filimuyo ndi alendo, ndipo yosagwiritsidwa ntchito imamasulidwa tsiku la chionetsero likayandikira. Ku Toronto kuli mzere wa odikira, omwe amalowetsedwa kutatsala mphindi pafupifupi 10 malinga ndi mipando yopanda anthu. Pamenepo mwayi umakula ndi kukula kwa holo.

Mpando ndimasankha poganizira mawu omasulira. M'pulogalamu mumalembedwa chinenero cha filimu ndi cha mawu apansiwo, ndipo muwerenge bwino, chifukwa filimu ya m'Chingerezi nthawi zina imamasuliridwa m'chinenero cha dzikolo chokha, kapena osamasuliridwa n'komwe. Ku Cannes mawu a Chifalansa amakhala pa chithunzi penipeni, a Chingerezi amatuluka pa kachikwangwani kena pansi pa sikirini. Ukakhala kumbuyo m'holo yopanda chitunda, mitu ya anthu imaphimba kachikwangwaniko. Ukakhala kutsogolo kwenikweni, maso amatopa kukwera ndi kutsika. Chapakati, m'mphepete mwa kanjira, ndiye pabwino, komanso umatuluka msanga pothamangira filimu ina.

Chionetsero chikachedwa kuyamba, kawirikawiri vuto limakhala kiyi. Mafilimu masiku ano amabwera ngati fayilo yotchedwa DCP, yotsekedwa kuti isabedwe, ndipo imatsegulidwa ndi kiyi yotchedwa KDM yomwe imagwira pa makina a holo imodzi yokha komanso pa nthawi yoikika. Filimu ikasamutsidwira holo ina, kapena kiyi ikatha nthawi, woonetsa amadikira kuti atumiziridwe ina. Kuchedwa kwa mphindi 20 kokha kumagwetsa tikiti yotsatira ngati munapanikiza ndandanda, n'chifukwa chake mpata uja sindiuchepetsa.

Pa mafunso ndimakhala ngati nthawi ilipo, makamaka pa filimu ya dziko limene sindilidziwa bwino, chifukwa dayilekitala amafotokoza zimene mawu omasulira sangathe kunyamula. Mukapatsidwa maikolofoni funsani funso limodzi lalifupi, womasulira ayenera kulibwereza. Ngati pali kuvota, voterani musanachoke. Mphoto ya oonera imathandiza filimu yaing'ono kupeza woigula.

Masiku awiri omaliza ndimawasiya opanda kanthu mpaka pakati pa chikondwerero, chifukwa pofika tsiku lachisanu anthu pamzere amakhala akutchula mafilimu awiri kapena atatu amene sanali pa ndandanda ya aliyense. Ku Berlin mphoto zimaperekedwa Loweruka madzulo, ndipo Lamlungu lomaliza ndi tsiku la oonera, pamene mafilimu ambiri a m'magawo onse amabwerezedwa. Matikiti a tsikulo amagulitsidwa opambana asanadziwike, ndiye ndimagula a mafilimu awiri a mu mpikisano amene ndinawaphonya osadikira chigamulo cha majaji. Ku Toronto, filimu yopambana mphoto ya oonera imaonetsedwa kwaulere tsiku lomaliza, koma tikiti yaulereyo imafunikabe kuitenga msanga ikangolengezedwa.