Sabata imene tidaonetsa David Carradine yekhayekha

Vidiyo shoo yathu idayamba mu 2003 ndi TV imodzi, deki, sipika ya pakhomo yoitanira anthu, ndi mabenchi amene ndidakhoma ndi matabwa otsala kwa kalipentala. Mpamba udachokera ku mtedza umene ine ndi mayi a kunyumba tidagulitsa chaka chimenecho. Iwo ndi amene amakhala pakhomo kutolera ndalama mpaka lero, ndipo palibe mwana adalowapo ulere iwo ali pompo.

Achinyamata amakono sadziwa kuti dziko lino lidakhala lopanda wayilesi ya kanema yakeyake mpaka 1999. Akatswiri a mafilimu tidawadziwira pa makaseti, ndipo okondedwa kwambiri adali a nkhonya ndi mateche: Bruce Lee, Jackie Chan, Chuck Norris, Van Damme. David Carradine adalowa m'nyumba mwathu kudzera mwa Chuck Norris, mu Lone Wolf McQuade ya 1983, momwe iye ndi chigawenga chachikulu. Kaseti imeneyo idazungulira mpaka chithunzi chidayamba kugwedera. Titasamukira ku ma DVD tidapeza Kill Bill, momwe Bill ndi iyeyo, mkulu woyankhula motsitsa, woimba chitoliro, woopsa ngakhale asanakweze dzanja. Ana sankasunga dzina lake. Ankangoti “mdala uja amafa kumapeto.”

Pa 4 June 2009 mdala uja adapezeka atafadi, m'chipinda cha hotela ku Bangkok, ku Thailand, kumene adapita kukajambula filimu. Adali ndi zaka 72. Wogwira ntchito pahotelapo adamupeza m'kabati ya zovala, chingwe chili m'khosi. Poyamba nkhani idamveka yoti wadzipha. Patapita masiku, dokotala wopima mitembo wa ku America, Michael Baden, amene abale a Carradine adamuitana, adati sikudali kudzipha, ndipo zopima zidaloza ku ngozi ya kubanika.

Ife tidamva pa wayilesi, ndipo pofika Loweruka benchi iliyonse idali ndi nkhani yakeyake. Anyamata a kabaza adalumbira kuti wamupha ndi magulu achinsinsi a kung fu, omwewo amene amati adapha Bruce Lee mu 1973, poti Carradine ndiye adatenga gawo la Kwai Chang Caine mu Kung Fu, sewero la pa TV la m'ma 1970, gawo limene Bruce Lee adaliyembekezera. Ena adaonjezera za Brandon Lee, mwana wa Bruce, amene adaomberedwa akujambula filimu mu 1993. Amayi ena ogulitsa mandasi pakhonde pathu adangoti ndi ufiti wa anzake apantchito. Koma ambiri, amene adamva tsatanetsatane wa momwe thupi lidapezekera, adali kuseka. Kuseka kumeneko kudandipweteka, ndipo kumandipwetekabe ndikakumbukira.

Mnyamata amene ankatilembera bolodi adabwera ndi pepala kuchokera ku intaneti kafe. Chidali chithunzi cha m'chipinda muja, chimene nyuzi ina ya ku Thailand idasindikiza mpaka abale a malemuyo adadandaula poyera. Mnyamatayo adati, “Bwana, tikachimata pakhomo lero tidzadza mpaka panja.” Sadaname, tikadadzadzadi. Mayi a kunyumba adalitenga pepalalo, adalipinda kanayi osaliyang'ananso, n'kuliponya pambaula pamene ankawotchera chimanga. Adangoti, “Iwe, ameneyu ali ndi ana ake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.”

Ine ndidaganiza motere: munthuyu adatidyetsa. Ndalama za fizi ya mwana wathu woyamba, malata a nyumba ya vidiyo, jenereta yoti filimu isaduke magetsi akazima, zonsezi zidachokera kwa anthu olowa kudzaonera iyeyo ndi anzake akugwira ntchito yawo. Sindikadatha kudyanso ndalama ya manyazi ake. Tidafufuta bolodi n'kulemba ndi choko kuti sabata yonse tionetsa mafilimu a David Carradine okhaokha, ndipo akuluakulu alipira theka.

Chimene chidachitika sindidachiyembekezere. Kudabwera madoda amene ankati vidiyo ndi ya ana ndi anyamata osuta. Mphunzitsi wina wopuma pantchito adakhala benchi ya kutsogolo, chipewa pabondo, n'kumatanthauzira anzake Chingerezi monong'ona. Pamalo pamene Bill amadziwa kuti nkhonya ya mdani wake yamufika pamtima, n'kuimirira, kukonza jekete lake, kuyenda mapazi asanu n'kugwa, m'nyumba mudati zii. Masiku ena ana amakuwa ndi kuomba m'manja pamenepo. Tsiku limenelo mwana wina adafunsa mokweza ngati ulendo uno sadzukanso, mphunzitsi uja n'kumuyankha kuti, “Ayi mwanawe, ulendo uno wapitadi.” Filimu itatha madodawo sadatuluke msanga. Adakamba za anzawo amene adafera kutali ndi kwawo, kumigodi ya ku Joni ndi ku Harare, ndi momwe nkhani ya imfa ya munthu imafikira kumudzi itapindikapindika.

Miseche sidakhalitse. Pa 25 June chaka chomwecho kudamwalira Michael Jackson, ndipo mabenchi onse adatembenukira kumeneko.

Koma madoda aja adapitiriza kubwera. Tidawapatsa Lamulungu masana, anthu akaweruka kutchalitchi: mafilimu akale, sipika yotsitsa, theka la mtengo, tiyi wa mayi a kunyumba. Bizinesi yasintha kwambiri chiyambire. Mafoni adatilanda ana, moti tsopano ndalama yeniyeni imachokera ku mpira wa ku England wa pa dishi, kutchaja mafoni ndi kuikira anthu mafilimu m'mamemore. Chionetsero cha Lamulungu sichibweza ngakhale mtengo wa petulo wa jenereta, ndipo mwana wathu, amene akuyendetsa zambiri tsopano, wandifunsapo ngati sitingachileke kuti tiike mpira wa masana. Ndidamuuza kuti mpira auike m'chipinda chatsopano chimene tikumanga kumbuyo. Njerwa tawotcha kale, tikudikira simenti ndi malata tikakolola.